Kutsanzika Pulezidenti ndi Nsalu ya Pabedi

Lolemba

Ndatsimikiza mtima. Loweruka ndikuchita zionetsero!

Pulezidenti wagwa pa chisankho, mlungu wamawa akupereka mpando. Anthu akungovina m'misewu. Ine ndikuti kuvina sikokwanira, munthuyu asachoke asanamve mawu. Zaka zonsezi ufa kukwera, magetsi kuzima, m'minibasi kuyamba wacheuka kaye usanadandaule. Ndiye angonyamula masutikesi mwakachetechete? Ayi!

Ndine mphunzitsi wa mbiri yakale. Ndaphunzitsa ana a ku Kabulonga za mafumu ogwa mpaka imvi zandimera. Ngati pali woyenera kumuuza mawu otsiriza, ndine.

Ba Mutale, mnansi wathu kuno ku Chelstone, ali ndi msuweni wawo mlonda, ndipo mlondayo wamva kuti Loweruka m'mawa pulezidenti adzadutsa pa raundabauti ya Woodlands popita ku mapemphero otsanzikana. Tikaima pamenepo.

Zofunika:
chinsalu chachikulu cholembedwa uthenga
amuna olimba mtima
chilolezo cha apolisi
nsapato zothamangira (mwina)

Ndauza mkazi wanga. Kwawo ndi ku Kitwe, ndipo amanditchula mwa Chibemba ndi dzina la mwana wathu wamkazi. "Bashi Chikondi, munthu wagwa kale ndiye mwapeza mphamvu? Mpopi wa kukhitchini ukudontha chiyambire Isitala. Yambani mwauchitira zionetsero umenewo."

Mneneri salemekezeka kwawo.

Lachiwiri

Ndatsegula gulu pa foni. Alowa: Ba Mutale, a Zulu, mphunzitsi mnzanga wa masamu, a dikoni a kumpingo kwathu, ndi mlamu wanga Ba Chanda wa ku Avondale, mchimwene wake wa mkazi wanga, amene wakhala akutukwana boma pa maliro aliwonse a m'banja.

Onse avomera! Foni ikungolira, tizithunzi ta moto ndi ta zibakera tokhatokha. Ba Chanda atumiza mawu, moni wa Chibemba patsogolo: "Shani ba mulamu! Ine nizankhala kutsogolo. Olo abwele na mfuti, ine siniyopa munthu."

Vuto ndi uthenga wa pachinsalu. Ba Mutale akufuna za maenje a mumsewu wathu. A dikoni akufuna vesi. A Zulu akufuna za kukwezedwa kwawo pantchito kumene kunaiwalika. Ndawauza kuti chinsalu si nyuzipepala. Mawu ndi awiri basi: MBIRI IDZAKUWERUZANI. Ndikawanena mokweza thupi likuchita tsembwe.

Dongosolo langa: galimoto za pulezidenti zikafika, tonse timufulatire. A Zulu afunsa kuti tikafulatira, chinsalu chidzayang'ana kuti, nanga tidzadziwa bwanji kuti wadutsa? Anthu a masamu ndi otero, amapha chilichonse chokongola.

Madzulo Ba Chanda akumbukira kuti iwo amapemphera Loweruka. "Ni Sabata, ba mulamu. Koma mu mzimu nizankhala kutsogolo."

Lachitatu

Tsiku la chilolezo. Ndaweruka msanga, ndakwera minibasi ya m'tauni. Njira yonse ndikuloweza: "Bwana, ndabwera kudzadziwitsa za zionetsero zamtendere." Pa Cairo Road mawuwa akumveka bwino. Pa geti la polisi ayamba kuchepa. Pa kauntala atheratu.

Wapolisi wakweza mutu. "Aa! Ba Sa!"

Ndi Mwape. Mwape amene ndinkamuphunzitsa, amene ndinamuuza pamaso pa kalasi yonse kuti mutu wake ndi ng'oma, phokoso lokha m'kati mulibe kanthu. Lero chifuwa ngati kabati, unyolo wa m'manja ukulendewera palamba.

"Nikuthandizeni chani, ba Sa?"

Pakamwa panga payankha pokha: "Ndikufuna chidindo pa kope ya chitupa changa."

Kope ndilibe. Mwape wapita yekha kukajambulitsa chitupacho, wadinda, wasaina, wandiperekeza mpaka pageti. Akuti masiku ano osokoneza achuluka, koma awagwira onse. Ine ndikugwedeza mutu. "Muwagwire ndithu, mwana wanga."

Ine ameneyo!

Pa gulu ndalemba kuti nkhani ya chilolezo ikuyenda. Si bodza kwenikweni. Ndayenda nayo kuchokera ku Chelstone mpaka m'tauni ndi kubwerera.

Lachinayi

Chinsalu. Pansi pa kabati ndapeza nsalu yoyala pabedi, yoyera mbee, yaikulu, ikadali m'pepala lake. Yangokhala, palibe akuigwiritsa ntchito. Ndaiika m'chikwama cha mabuku.

Wolemba zikwangwani wa ku Kabwata ndi Ba Musonda, munthu wa penti mpaka m'makutu. Wawerenga kapepala kanga kawiri. "Ba Mbili ni bandani? Ni ba jaji ba nyowani?"

Ndamufotokozera kuti mbiri si munthu. Mbiri ndi chikumbumtima cha mtundu, bwalo limene silitseka, woweruza wosalandira chiphuphu. Iye akungotakasa penti. Ndapita kukagula chinangwa chootcha kuti ndisamusokoneze.

Pobwera ndapeza walemba momwe amalankhulira: MBILI IZAKUWELUZANI. Pansi pake, ndi zilembo zofiira zokulirapo, dzina lake ndi nambala yake ya foni! "Ni malonda, ba tata. Makamela azabwela."

Kunyumba ndachitambasula pabalaza kuti chiume bwino. Mkazi wanga walowa, waima, wagwira m'mphepete mwa nsaluyo pomwe pali timaluwa topeta. Sindinationepo timaluwato.

"Mayo, mayi anga ondibereka, anapeta izi asanadwale. Anati ndidzampatse Chikondi pa ukwati wake."

Sanakuwe. Akanakuwa bwenzi zili bwino. Wangopinda manja, walowa kuchipinda. Ndapita pakhomo la kuchipindako kukapepesa, mawu anga akungogunda thabwa. Chakudya chamadzulo ndadya ndekha, moyang'anizana ndi nambala ya foni ya Ba Musonda.

Lachisanu

Ahedi andiitana ku ofesi. Mtima phaa! Ndikuganiza kuti Mwape wanunkhiza. Ayi, akufuna munthu wamtali woti atsitse chithunzi cha pulezidenti pakhoma. Ahedi omwewa ankavala malaya a chipani pa tsiku la masewera. Lero akuti, "Ine munthu ameneyu sindinamukondepo, mukudziwa inu."

Aliyense walimba mtima mlungu uno. Ndimayesa ndine ndekha.

Ndakwera pampando, ndatsitsa. Akuti ndikasunge m'kachipinda ka mabuku a mbiri, koma felemu ndibweze, ilowemo nkhope yatsopano. Kuseri kwa mapu akale ndapeza ena onse amene anakhalapo pakhoma lija, atatsamirana, mphemvu zikuyenda pa mataye awo. Mmodzi ndikukumbukira kuti bambo anga anavina tsiku limene anachoka. Bambo omwewo analira pa maliro ake mpaka kukana kudya, akuti dziko lataya tate. Wina tinkamuimba nyimbo zachipongwe ku koleji, lero ana anga amalemba m'mayeso kuti anali munthu wamasomphenya, ine n'kumachonga.

Ndamuika wa leroyu pamzere. Pamphumi pake panali fumbi, ndapukuta ndi mkono wa malaya. Kenako ndadzikwiyira. Mawa ndikukamufulatira munthuyu, lero ndikumupukuta nkhope!

Za gulu:
a Zulu, maliro ku Kafue (a ndani, sakunena)
a dikoni, abusa akuti tizipempherera atsogoleri, ochoka ndi obwera omwe
Ba Mutale, apempha ntchito m'boma latsopano, sakufuna kujambulidwa ndi anthu aphokoso
Ba Chanda, mu mzimu

Otsala: ine. Chinsalu chofuna anthu awiri. Mkazi wanga sakundilankhulabe.

Loweruka

Ndadzuka m'mawa, ndavala nsapato zothamangira. Ndikupinda chinsalu, ndangoona mkazi wanga waima pakhomo, wavala chitenje ndi duku, ambulera m'manja.

"Sindikupitira inu. Sindikupitira pulezidenti wanu. Ndikuperekeza nsalu ya mayo, apolisi asaipondeponde."

M'minibasi takhala ngati alendo. Ku Woodlands kuli mphepo ya fumbi. Makamera kulibe. Apolisi kulibe. Kuli mayi wogulitsa nthochi ndi galu. Tatambasula chinsalu, mphepo yachikoka, chandikulunga kumaso. Mayi wa nthochi wawerenga, wafunsa ngati Ba Musonda amalembanso pa mawilibala.

Tadikira. Dzuwa lakwera. Manja awawa.

Kenako mahutala, magetsi a galimoto akuthwanima, mdipiti ukubwera! "Kwezani!" ndakuwa. Takweza. Ndafulatira monga mwa dongosolo. Kumbuyo kwanga ndikumva nthungululu. Ndacheuka: maliboni, mabaluni. Ndi ukwati! Mkwati wawerenga chinsalu, nkhope yagwa. Mkwatibwi akuseka mpaka chophimba kumutu chapendama. Mayi wina wonenepa watulutsa mutu pawindo: "Imwe ba mudala, mwana wanga akuchitani chani?"

Mkazi wanga waluma mlomo, mapewa akugwedezeka. Kuseka kwake koyamba chiyambire Lachinayi.

Tatsala pang'ono kupinda. Ndipo zangotulukira galimoto zakuda zochepa, zoyenda pang'onopang'ono, popanda sayirini, popanda njinga zamoto zija zinkatithamangitsira m'ngalande. Pa raundabauti zachepetsanso liwiro. Windo lakumbuyo ndi lotsitsa.

Ndi iyeyo. Wochepa thupi kusiyana ndi pachithunzi, maso otupa ngati munthu amene sakugona. Wayang'ana msewu wopanda anthu, wayang'ana mayi wa nthochi, wayang'ana ife. Kaya wawerenga, kaya ayi. Wakweza dzanja, watibayibitsa.

Ndipo dzanja langa lakwera lokha. Ndamubayibitsa! Ndi dzanja lomwe linagwira chinsalu! Mbali yanga yagwera m'fumbi. Ndikuganiza kuti ndaweramanso pang'ono. Ndikukhulupirira kuti sindinanene kuti "muyende bwino, bwana", koma mkazi wanga akuti ndanena.

Galimoto zapita. Mkazi wanga wakhala pansi pamwala, akuseka mpaka misozi, akupukuta ndi nsonga ya duku. "Bashi Chikondi, mwamuweruza. Sadzaiwala."

Wakutumula nsalu yake, waipinda yekha, waikumbatira pachifuwa. Pobwerera wandigulira nthochi. Akuti omenyera ufulu amafunika kudya.

Lamulungu

Miyendo ikuwawa. Mphuno yapsa ndi dzuwa. Kutchalitchi ndakhala kumbuyo. A dikoni andigwira chanza ndi manja awiri, akuti anandipempherera.

Ndaimbira foni Chikondi ku koleji kumuuza za nsalu ya agogo ake. Wati ukwati sakuuganizira n'komwe, ndisadzivute. Zimenezi amayi ake sindinawauze. Nkhondo imodzi pa mlungu ndi yokwana.

Masana kwabwera Ba Chanda, mzimu ndi thupi lomwe, nthawi ya chakudya. Ba Mutale nawo alowa. Takhala pakhonde, magetsi azima monga mwa masiku onse. Ba Mutale apumira m'mwamba, akuti tidzamukumbuka munthu uja, misewu ina anamanga ndithu. Watsopanoyo sanalumbire n'komwe!

Kwabwera anansi ena kudzamva za dzulo. Ndisanatsegule pakamwa, Ba Chanda ayamba: "Tinali bambili! Woodlands yonse inaima. Mudala anaona chinsalu, anatseka windo, ananjenjemela." Tinali! Ba Mutale akuvomereza, akuti msuweni wawo mlonda anaona zonse.

Onse atembenukira kwa ine, mphunzitsi wa mbiri, mboni yoona ndi maso. Mkazi wanga waima pakhomo ndi mbale, nsidze m'mwamba, akudikira.

Ndatsokomola. Ndati apolisi analipo ambiri, ena pa mahatchi.

Mawa ndili ndi kalasi m'mawa. Mutu wake: momwe timadziwira zoona za kale.