Galu wa bwana anakana kundiluma

Mukafika pa komboni yathu ya pa mgodi kuno ku Selukwe n'kumva ana akukuwa kuti "mai vembwa", ndiye kuti mayi wake wa galu, musayang'ane kutali. Akunena ine. Nkhaniyi ndaimva ikupotozedwa ku mpopi, ndiye bola ndiinene ndekha.

Zinayamba ndi a Nabanda, oyandikana nawo nyumba. Akuchokera ku nkhuni, chigalu chakuda cha bwana woyang'anira komboni chinatulukira pa geti n'kuwaluma pa katumba. Kabala kake ndinakaona, kochepa ngati ka minga. Koma lamulo limati galu akaluma munthu pa msewu, mlandu ndi wa mwini galuyo. Dona, mkazi wa bwanayo, anawanyamula pa galimoto, mpando wakutsogolo, mpaka ku chipatala ku Gwelo. Pobwera anali ndi bulangeti latsopano, shuga ndi pulaimasi yophikira. Pulaimasi, nkhondo ili chonchi, ife tikutuluka misozi ndi utsi wa nkhuni zaziwisi.

"Mwayi sudziwika kochokera, amwali," ankatero, uku akutsimphina (lero mwendo wamanja, mawa wamanzere).

Ine ndine munthu wopirira, koma kulira kwa pulaimasi ija m'mawa uliwonse kunkandidya mumtima. Ndinayamba kumadutsa pa geti la bwana ngati ndili ndi kopita. Galu ankangondiyang'ana. Ndinatsokomola, ndinakupiza chitenje, iye n'kuyasamula. Ndiye ndinati mwina akusowa fungo. Ndinakulunga mafupa a nyama ya resheni imene timalandira ku mgodi m'kansalu, n'kumangirira pa mwendo mkati mwa chitenje (ndinasankha wamanzere, poti uli kale ndi chipsera).

Ulendo uno anabwera akuthamanga. Ndinatsinzina, n'kuyamba kusankha mtundu wa bulangeti. Mnzanu galuyo anamasula kansalu kaja mosamala ngati namwino, n'kudya mafupa, n'kundinyambita bondo.

"Mayi, msuziwu bwanji ukumveka madzi okhaokha?" anafunsa amuna anga madzulo ake.

"Mafupa akubwera ochepa masiku ano. Ndi nkhondoyi."

Sindinagonje. Ndinkati tsiku lina adzalakwitsa n'kugwira mnofu. Kenako bwana anamuitana kunkhondo, dona n'kupita kwa makolo ake ku Bulawayo, galu n'kutsala wopanda womusamala. Anatsata fungo mpaka pa khonde langa. Ndinamuthamangitsa, osachoka. Maso ake anandimvetsa chisoni, ndinayamba kumamuponyera mkute.

Ndiye tsiku lina a Moyo, bambo ogulitsa mabanzi pa njinga, analiza belu pakhomo panga. Galu uja, amene mwendo wanga anaukana, wa a Moyo sanaufunse kawiri. Buluku linang'ambika, mabanzi mbwee m'fumbi, ana a komboni n'kutola onse.

Mlandu unakakambidwa ku ofesi ya apolisi a mgodi.

"Imbwa ndeyani?" anafunsa sajeni, kutanthauza kuti galu ndi wa yani.

"Ndi wa bwana," ndinatero.

"Bwana ali kuthengo. Akumudyetsa ndani?"

Ndisanayankhe, a Nabanda, amene palibe anawaitana, anadzuka pa benchi. "Achimwene, ine kunama sinditha. Amwaliwa galuyu amamukonda. Ngakhale mafupa ankamunyamulira pa mwendo."

Kaya anandionera pati. Ndikuti ndikane, galu analowa mu ofesimo, n'kudutsa anthu onse, n'kudzatsamiritsa mutu pa mapazi anga.

"Wodyetsa galu ndiye mwini galu," anatero sajeni.

Nkhuku zanga ziwiri zoikira mazira zinapita kwa a Moyo, buluku lawo n'kusokanso ndine. Titafika pakhomo amuna anga anati, "Mayi, mukanangondiuza kuti mukufuna kulumidwa, ndikanakulumani ndine, nkhuku zikanatsala."

Ndaphunzira kuti mwayi wa mnzako suutsata ndi mafupa. Akuti bwana amene wabwera kudzagwirizira ali ndi agalu awiri, olusa kwambiri. Ine sindipitako. Ndangofunsa chabe kuti geti lake lili mbali iti, kuti ndizililambalala.