Mfuti ya amalume yatsala ku boma

Lolemba
Anyani ayamba kulawa chimanga changa cha m'mphepete mwa phiri. Muona, akuba inu! Mfuti ya malemu amalume ndi yanga tsopano, ine mwana wa mlongo wawo. Sinalirepo chimwalirire eni ake, koma ndikangoikoleka paphewa anyani onse liwiro. Chatsala n'kuilembetsa m'dzina langa kuti ndigule zipolopolo. Mawa ku boma, madzulo ndabwerako.

Lachiwiri
Panjinga kuchokera ku Zingalume, mfuti m'thumba la feteleza. Mzere wake, mayo ine! Alenje, alimi, ndi mdala wina wa mfuti yomanga ndi mphira. Bwana wolembetsa ndi mmodzi yekha, mapepala mbwee patebulo. Akuti, "Mfuti itsale kuno mpaka zonse zithe, bambo." Ndikubwerera ndi thumba lokha.

Lachitatu
Akufuna zithunzi, kalata ya imfa ya amalume, ndi kudinda zala zanga zonse, ndi kachala kakang'ono komwe. Ine ku boma, kumunda kuli amake Tisa, mkazi wanga, akuimba chitini kuopseza anyani. Koma nyani saopa munthu wa chitenje, ndani sadziwa? Akuti nyani wina wawalanda ndi chitini chomwe.

Lachinayi
Bwana apita kumsonkhano. Mlenje wa pambuyo panga akuti iye analembetsa mvula isanayambe. Ndafunsa, "Mvula yapitayi?" Akuti, "Ayi, inayo." Njala yandithera pomwepo.

Lachisanu
Lero sindipita. Ndili kumunda, mpini wa khasu paphewa ngati mfuti, ndikuyenda chisilikali. Chinyani chachikulu chikundiyang'ana, chikuyang'ana mpini, chakhala pansi. Chikusenda chimanga pamaso panga, osafulumira n'komwe! Ana ake akundidutsa m'miyendo. Manyazi andigwira, ine bambo wa ndevu.

Loweruka
Ndathamangiranso ku boma. Ofesi ndi yotseka, koma bwana uja ndawapeza pamsika akusankha tomato, maso ali psuu ndi kutopa. Munthu wabwino ndithu. Akuti, "Mapepala anu apita ku Chipata, akachoka kumeneko ku Lusaka. Mudzabwere mukakolola." Kukolola chiyani, bwana?

Lamulungu
Titaweruka ku Misa tadzera kumunda. Mapesi okhaokha, zitsononkho mbwerekete. Zandiwawa, sindinama, ndangokhala pachulu. Amake Tisa akuti chaka chamawa tibzale thonje, nyani sadya thonje. Ndavomera. Chilolezo chikadzabwera ndidzatenga mfuti yanga, ndi zipolopolo zake, ndikalondere thonje.