Kwa Bwana Amene Anatiphunzitsa Kuyimba Masamu

Kwa Mkulu wa Bungwe Losula Makolo pa Masamu Achikhristu,

Wolemekezeka Bwana,

Pepani kuti mayi wamba ngati ine, amene sukulu yake ndi tebulo la kukhitchini, ndikukudulani pamene mukusinkhasinkha nzeru za Agiriki akale. Ndine Loretta Stidham wa kuno ku Cookeville, mmodzi mwa makolo amene mwakhala mukutisula m'chipinda chapansi pa tchalitchi chilimwe chilichonse, kuti ana athu tiziwaphunzitsa tokha pakhomo. Ndinayamba mwana wanga Amos asanagweruke mano. Ndabwera kudzathokoza, paja amati wosayamika ndi mfiti.

Choyamba, zikomo chifukwa cha nyimbo. Munatiuza kuti mwana asamafunse chifukwa, aziloweza kaye, kumvetsa kudzamera kokha akakula ngati ndevu. Ndiye nambala iliyonse munaipatsa nyimbo yake, kuwomba m'manja kwake ndi kapondedwe kake. Kuchulukitsa ndi zisanu ndi ziwiri timayamba ndi mwendo wakumanzere. Ndevu zinamera ndithu, Bwana, pano Amos akumeta. Kumvetsako ndiye tikudikirabe.

Chachiwiri, ndithokozereni Mayi Pruitt, mphunzitsi amene munatitumizira. Tsiku lina ndinakweza dzanja n'kufunsa chifukwa chake pogawa tizigawo ta nambala timatembenuza kachiwiri chadodolido. Anamwetulira mpaka mano onse kuonekera, n'kundiuza kuti masamu ndi chilankhulo cha Mlengi, ndipo mayi wachikhulupiriro safunika digiri. Amayi onse anati ameni. Ine ndinatsitsa dzanja ngati andigwira ndikutapa m'mbale ya chopereka, kenaka tonse tinapita kukadya nkhuku yokazinga.

Chachitatu ndiye chachikulu, mundilole ndichifotokoze bwino.

Amos amafuna ntchito ya zamagetsi. Palibe chinanso chimene amalota. Mwezi wathawu bambo ake, a Wendell, anapita naye ku Nashville kukalemba mayeso olowera maphunziro a ntchitoyo. Koma pali kanthu kakang'ono kamene munaiwala kutiuza pa zaka zonsezi: kumayeso sayimba! Funso loyamba, mwana wanga anayamba kuyimba chapansipansi. Woyang'anira anamuchenjeza. Amos anatseka pakamwa, nambala nazo zinatseka chitseko. Atafika pochulukitsa ndi zisanu ndi ziwiri, mwendo wakumanzere unayamba wokha, gu! gu! pansi. Bambo wina wandevu kumbuyo kwake anati, "Abusa, mbale ya chopereka idutsa nthawi yanji?" Chipinda chonse chinafa ndi phwete, ndipo Amos anatulutsidwa pepala lili loyera.

Musadandaule, Bwana, ulemu wanu unasungika. Ndikukhulupirira kuti mwa onse amene anatulutsidwapo m'chipindamo, ndi iye yekha amene amatha kuwerenga nambala m'Chilatini.

Usiku wake sanadye. M'mawa anandipeza ndikuchotsa mabuku anu patebulo kuti tiikepo khofi, n'kundifunsa kuti, "Amayi, kodi ine ndine chitsiru?" Mnyamata wamtali kuposa bambo ake! Ndinalira, Bwana, ndipo ndikulemba kalatayi mtima ukuwira. Amos si chitsiru. Anachita zonse zimene munati achite, ndipo sanaphonye n'kamodzi komwe kuwomba m'manja.

Chachinayi, zikomo chifukwa choyankha msanga nditaimba foni ku ofesi kwanu. Mtsikana wa mawu okoma anandifotokozera kuti njira yanu siilephera, olephera ndi makolo amene amayimba mopanda chimwemwe. Anati ndilembetse maphunziro apamwamba a chilimwe chikubwerachi, kumene mwakonza nyimbo zatsopano za mizere ndi ngodya. Mtima wanu ndi wabwino, koma Amos watsala ndi mwayi umodzi wokha wolembanso mayesowo, ndipo akalephera adzakalamba akunyamula makatoni kusitolo. Pano iye ndi ine tikuphunzira tizigawo tija kuchokera pachiyambi, mwakachetechete ngati anthu achikunja.

Potsiriza, ndili ndi kapempho kamodzi, ndipo ndikukapereka nditagwada. Ndamva kuti mukumanga nyumba yatsopano kuphiri. Ambuye akudalitseni. Chonde musavutike kufuna anthu amagetsi a kusukulu za boma, amene amawerengetsa mawaya opanda nyimbo. Lolani Amos, chipatso cha manja anu, akulumikizireni nyumba yonse mwa njira yanu yeniyeni, akuyimba ndi kuponda. Sadzakulipiritsani kanthu. Chokhacho n'chakuti akamaliza, getsi loyamba mudzayatse nokha, ndi chala chanu. Ine ndi a Wendell tidzaima kutsidya kwa msewu, tikukupemphererani.

Ndine wophunzira wanu womvera, amene mawu anasasa,

Loretta Stidham