Tsiku Limene Ndinatulutsa Mipando Panja

Anzanga, sabata yonse ija tulo tinandithawa, ndipo sanali matenda ayi, anali makoma. Apongozi anga anali atatumiza mawu kuti Loweruka akubwera kuchokera ku Katete kudzaona mdzukulu wawo Taonga, ndipo kanali koyamba kuti aponde pakhomo pathu kuno ku Bundabunda. Ndikati ndigone, maso ali pakhoma: apa mwaye wa mbaula, apo tizala ta Taonga ta phala, uko mzere umene mvula ya chaka chatha inasiya. Kanyumba kathu n'kazipinda ziwiri, ukayetsemula kuchipinda wa pabalaza amapukuta nkhope. Ndiye mayi amene ndinamva kuti akalowa m'nyumba ya munthu amayendetsa chala pamwamba pa kabati adzati chiyani? Kuti mwana wawo anakwatira mkazi kapena mbuzi?

Sukulu ndinalekera giredi seveni, koma maso ndili nawo. Ndikapita ku Chongwe kumsika ndimasuzumira m'nyumba za anthu, ndipo ndinaona kuti zambiri zimene zimawala sizachuma ayi: laimu pakhoma, polishi wofiira pansi, chitenje chabwino pawindo, basi nyumba yaseka. Laimu ndinagula pang'ono. Polishi ndinati ndipanga ndekha monga amachitira anzanga, kusungunula makandulo, kuthiramo parafini ndi ufa wofiira uja amasakaniza ndi simenti.

Lachisanu m'mamawa bambo a Taonga anakwera minibasi kupita ku Lusaka kumene amamanga nyumba za anthu. Anali atangodzuka kumene ku malungo, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti anagona sabata yathunthu. Atangochoka ine ndinayamba. Ndinakokera sofa panja, mipando, tebulo, kabati, zonse ndinazindandalika bwinobwino pansi pa mtengo wa mango. Dzuwa litakwera ndinati sofa yanga isuluka, ndiye ndinatenga tenti ija timafunditsira chimanga n'kuimangirira pamwamba. Polishi sungaphikire m'nyumba chifukwa cha parafini, ndiye ndinakoleza moto pabwalo, wa zikuni zikuluzikulu. Kenaka njinga zinayamba kudutsa pakanjira ka kutsogolo n'kumaulutsira fumbi pa laimu wanga wamuwisi. Ndinatani? Ndinathyola nthambi za masamba n'kuziyala panjirapo kuti a njingawo azilambalala.

Inu mwaona kale, eti? Mipando panja, tenti, moto wa zikuni, masamba panjira. Mwana aliyense wa kuno amadziwa kuti pakhomo pakaoneka chonchi ndiye kuti pagwa maliro. Ine, amene ndimadzitama kuti ndili ndi maso, ndinkangoona polishi.

Cha m'ma thuu koloko makoma anali oyera koma onyowa, pansi ndinali nditapaka polishi koma ndisanakweche. Laimu anali atandidonthera m'maso, utsi nawo unawonjeza, ndiye ndinakhala pakhonde, Taonga kumbuyo, nditavala chitenje chakuda chakalekale chogwirira ntchito, misozi ili chuchuchu.

Ndinangomva kuseri kwa mpanda, "Mayo ine! Mayo!"

Anali amake Chipo, aneba athu, manja ali kumutu. Anandikumbatira mpaka mwana analira.

"Amake Taonga, mwana wanga, limba mtima!"

"Chachitika n'chani, amake Chipo?"

"Usakambe, usakambe. Lira chabe."

Anandigwira dzanja n'kundilowetsa m'nyumba, n'kundikhazika pansi, pa polishi wanga. Ndinafuna kunena za polishiyo, koma ndinayamba kudzifunsa. Munthu wamkulu ngati uyu angalire chabe? Ndiye kuti wamva kanthu. Wamva chiyani? Maganizo anathamangira ku minibasi ija, ndi mmene amathamangira pa msewu waukulu. Ndinatulutsa foni, kuimbira bambo a Taonga. Siikulowa. Kuimbanso. Siikulowa.

Anzanga, ndinakuwa. Ndinakuwa kulira kwenikweni kochokera m'mimba, ndipo amake Chipo atamva anati, "Mayo, n'zoona!" n'kuwonjezera moto.

Azimayi anayamba kulowa awiriawiri, aliyense akuyambira kulira pa masamba paja. Anakhala pansi mondandalikana, misana atatsamira khoma. Panja azibambo anali atadzaza pa sofa, wina akusonkhezera zikuni, poto wanga wa polishi atamukankhira uko. Ena anabwera ndi ufa m'mabeseni, wina kabichi, wina nkhuni pamutu. Azimayi a kutchalitchi anayambitsa nyimbo. Ine ndikawayang'ana ndinkati onsewa akudziwa, akungondibisira. Iwo akandiyang'ana ankati mwini wake ndi uyu, akudziwa zonse. Pamaliro ndani amafunsa kuti wafa ndani?

Mayi wina anandinong'oneza, "Thupi lili kuti, mwana wanga?"

"Sinidziwa! Si ndimwe mwamva?"

Anatembenukira anzake. "Sanamuuze na kumene kuli thupi!"

Kulira kunakwera mpaka malata analira nawo.

Zimene sindinkadziwa n'zakuti apongozi anali atapeza galimoto ya wachibale tsiku limenelo, osadikira Loweruka. Anaimbira mwana wawo kuti awachingamire pa Chongwe, ndipo atangomaliza kulankhula foni ya bambo a Taongayo inatha moto. Ndiye tangoganizani, munthu akubwera kwawo ndi mayi ake, thumba la mtedza paphewa, n'kupeza masamba panjira, tenti pabwalo, nyimbo ya maliro m'nyumba mwake. Anaponya thumba pansi n'kuthamanga.

Azibambo a pa sofa ndiwo anayamba kumuona. Akuti wina anadumpha moto osauona. Ine ndinangoona pakhomo pachita mdima, munthu waima, akufuula, "Taonga! Amake Taonga!"

Nyimbo inadukira pakati. Amake Chipo anakuwa mawu ena osakhala a maliro n'kubisala kumbuyo kwanga, ngati kuti mzukwa ungaope ine. Ndipo tisanapume, apongozi analowa chokwawa ndi maondo, akulira kulira kwa ku Katete kumene kunaposa tonse, "Mdzukulu wanga ine! Ndinachedweranji ine!" Taonga ali kumbuyo kwanga, akuyamwa chala, akuwayang'ana.

Ine ndinagwira mwendo wa bambo a Taonga kuti ndione ngati ndi wotentha.

"Iwe, wafa ndani?" anandifunsa.

"Si ndimwe?"

"Ine?"

A Mwale, mkulu wa mpingo, anasuzumira pakhomo chipewa chili m'manja. Anayang'ana mwamuna wanga, anayang'ana mwana, anayang'ana ine.

"Amake Taonga, mipando anachotsa ndani?"

"Ndine. Nenze kupaka laimu."

"Tenti?"

"Dzuwa, abambo."

"Nanga moto?"

"Polishi."

"Masamba panjira?"

"Fumbi."

Kenaka azimayi anayamba kudzuka mmodzimmodzi, ndipo apa ndi pamene ndinalakalaka maliro akanakhala anga. Aliyense msana woyera ngati wagwa m'chigayo, kumbuyo kofiira ngati nyani. Pakhoma panatsala zithunzi za misana, mzere wonse, pansi pali madindo a pamene aliyense anakhala, moti ukanatha kuloza kuti apa panali amake Chipo. Wina anayamba kuseka, wina akutukwana chitenje chake cha ku tchalitchi, amake Chipo akungoti, "Misozi yanga yonse ija! Nibwezereni!"

Apongozi anadzuka pomaliza, maondo a chitenje chawo chatsopano ali psuu. Anayang'ana nyumba yonse pang'onopang'ono. Kenaka anatambasula chala chija ndinkachiopa sabata yonse, anachiyendetsa pakhoma, chinabwera choyera. Ndinati basi, ndibwerera kwathu.

"Apongozi," anatero, "nyumba yanu sindinaione, mwaiwononga. Koma anthu anu ndawaona. Mkazi wongotulutsa sofa mudzi wonse n'kubwera ndi ufa, ameneyo amakhala bwino ndi anzake. Mwana wanga ali pabwino." Anapukutira chalacho pa chitenje changa. "Komanso mumalira bwino."

Bambo a Taonga anati, "Koma amake Chipo anakuposa, nawamvera nili kumsewu."

Ndinalumbira tsiku lomwelo kuti ine kukongoletsa nyumba mwakachetechete ndasiya. Ngakhale kampando kamodzi sikadzatulukanso pakhomo panga mudzi usanadziwe chifukwa chake.

Koma makoma anali akadali ndi misana ya anthu, ndipo mipando inayenera kutulukanso. M'mawa mwake ndinayamba ndazungulira makomo onse kubweza ufa ndi kabichi, apongozi ali pambuyo panga akupereka moni. Titabwerako ndinakokera sofa panja, pamalo oonekera kunjira, n'kukhazikapo bambo a Taonga, kapu ya tiyi m'manja. Ndinawauza kuti asasunthe mpaka laimu aume, ndipo aliyense wodutsa azimukwezera dzanja.