Sipulingi Imene Inagwera M'mapemphero

Mumsewu wathu kuno ku Chelstone muli amayi angapo amene akandiona amanditcha "chida cha Ambuye". Mlendo atamva angaganize kuti ndine munthu wopemphera kwambiri. Ayi ndithu. Dzinali ndinalipeza Loweruka lina masana, nditavala kabudula wong'ambika, manja ali bii ndi girizi, ndipo mkazi wanga akalimva mpaka lero amayang'ana kumbali.

Zinayamba ndi apongozi anga aakazi. Ulendo wina atabwera kuchokera ku Chipata, ndinakawatenga kusiteshoni ya mabasi m'tauni pa kagalimoto kanga, kamene kanafika m'dziko muno katakalamba kale kwawo. Mashoko akutsogolo, zitsulo zija zimene zimaletsa galimoto kudumphadumpha, anali atatha kalekale. Tikakwera hampu, kagalimoto kankapitiriza kugwedeza mutu mpaka pa hampu yotsatira, ngati kakuvomereza zonse zimene msewu ukunena. Titafika kunyumba apongozi anatsika pang'onopang'ono atagwira msana, n'kuuza mwana wawo (ine ndili pomwepo, ndasenza thumba lawo la mtedza) kuti kuchokera ku Chipata ayenda bwino, ulendo wautali unali wochokera kusiteshoni.

Ndiye titamva kuti akubweranso Lamulungu, ndinapita m'tauni kukagula mashoko atsopano. Mkazi wanga, amake Taonga, anati galimoto ndiipereke kwa ba Saidi, makaniko wa ku Chilenje amene amatikonzera nthawi zonse. Ndinakana. Ndinali nditaonera pafoni kanema wa mzungu wina akusintha mashoko m'galaja yowala ngati chipatala, atavala malaya oyera, akumwetulira, thukuta osatuluka. Ndinati ngati munthu angagwire ntchito imeneyi akuseka, ine wa dipuloma ndingalephere bwanji? (Dipuloma yangayo ndi ya kagulidwe ka katundu wa mu ofesi, koma tsiku limenelo ndinkaona kuti maphunziro ndi maphunziro basi.)

"Imwe, muzazipweteka chabe," anatero amake Taonga akumanga duku.

Iwo ankapita kuseri kwa mpanda, kwa amai Zulu, aneba athu, kumene Loweruka lililonse kunkakhala mapemphero pansi pa tenti. Wotsogolera ndi bambo wina wa suti yonyezimira amene dzina lake palibe akulidziwa. Onse amangoti ba Profeti.

Chiyambi chinayenda bwino moti ndinayamba kuwamvera chisoni amakaniko onse a mu Lusaka. Ndinajeka galimoto, kuchotsa tayala lakumanzere, kumasula mabawuti apansi, kenako kutsegula boneti n'kumasula manati apamwamba. Shoko inatuluka yonse pamodzi ndi sipulingi yake, chitsulo chopotanapotana chonenepa ngati chala chachikulu. Ndinaimirira n'kuyang'ana uku ndi uku kuti mwina pali wandiona. Panalibe ngakhale galu.

Tsono kuti uchotse shoko yakale, uyenera kuyamba wafinya sipulingiyo, chifukwa imakhala itapanikizika, ikungodikira mpata. Mzungu uja anali ndi chitsulo chake chofinyira, ndipo atafika pamenepo anasiya kumwetulira n'kuyamba kulankhula nthawi yaitali akuloza kamera ndi chala. Gawo limenelo ndinalidumpha. Bandulo ya intaneti ndi yodula, ndipo ine ndinkafuna ntchito, osati ulaliki.

Chofinyira ndinalibe, koma nzeru ndinali nazo. Ndinatenga malegeni akuda odulidwa ku chubu chakale, chingwe choyanikira zovala, ndi chitenje chachikasu cha zithunzi za nkhanga chimene ndinachipeza pachingwepo. Kwa ine chinkaoneka chotha. Ndinaching'amba timizeremizere, kukhalira sipulingi ndi thupi langa lonse (aka kanali koyamba kuti mimba yanga igwire ntchito yooneka), n'kumanga mfundo paliponse pamene chala chinkalowa. Kenako, pofuna kusamala, ndinatsamiritsa shoko pa njerwa, mutu wake utaloza m'mwamba chakumpanda, kuti ikachita zake isaswe galasi la galimoto kapena mawindo a nyumba. Ndinadziyamikira kwambiri pa nzeru imeneyi.

Nthawi yonseyi sipika ya kwa amai Zulu inali ikulira. Ba Profeti anali atafika pa nkhani ya bondo la amai Zulu, limene lakhala likuwavuta kwa zaka. Ankati bondolo si matenda wamba, pali chinthu chimene adani anamanga, ndipo lero chigwa, chionekera poyera. Gulu linkabwereza kuti chigwe, chigwe. Ine ndinkazungulitsa nati yapakati, ndipo ndivomere kuti sipanala inkatsatira kayimbidwe kawo.

Nati itafika kumapeto ndinangomva phokoso ngati la mfuti. Sipanala inandithawa m'manja, ine ndinapezeka nditakhala pansi. Nditayang'ana pa njerwa paja, shoko inalipo, sipulingi palibe. Kenako kuseri kwa mpanda kunamveka chiphokoso pa malata, sipika inazima, ndipo amayi anayamba kukuwa.

Ndinakwera pa tayala lija n'kusuzumira pamwamba pa mpanda. Sipulingi inali itagunda denga la khonde, n'kudumphira pakati penipeni pa tenti. Inali ikunjenjemerabe, itazingidwa ndi malegeni akuda, mfundo zosawerengeka ndi nsanza zachikasu. Kunena zoona, ine amene ndinaimanga ndi manja anga, nditaiona ili pamenepo ndinachita nayo mantha. Mipando inali itagwa, anthu ataunjikana kumakona. Ba Profeti ndinawasowa kaye, kenako ndinawaona akutuluka kuseri kwa thanki ya madzi. Anakonza jekete, kutola maikolofoni, n'kulengeza kuti chinthu chimenechi anachiona kale m'maloto mkati mwa sabata.

Maganizo anga anali otsika pa tayala mwakachetechete, kulowa m'nyumba, n'kudikira kuti anthu abalalike. Koma mayi wina wolimba mtima anayandikira sipulingi ija, n'kuwerama, n'kuyang'anitsitsa nsanza zija.

"Manje ichi chitenge si cha bamake Taonga?"

Amayi amene anaima pafupi ndi mkazi wanga anayamba kusuntha mmodzimmodzi, mpaka anatsala yekha atagwira Baibulo lake. Wina ananong'ona kuti n'chifukwa chake amakonda kufunsa za bondolo. Amake Taonga anangokweza maso pang'onopang'ono mpaka pamwamba pa mpanda, pamene panali mutu wanga. Takhala m'banja nthawi yaitali, koma maso amenewo ndinali ndisanawaonepo.

Ndinatsika, kutuluka pageti yathu, kulowa pageti ya amai Zulu, kabudula akukupiza.

"Pepani ba Profeti," ndinatero. "Iyo ni sipulingi ya motoka yanga. Nenze kuchinja mashoko."

Ndinafotokoza zonse: apongozi, mzungu wa pafoni, malegeni, chitenje. Kumbuyo ena anayamba kuseka, ndipo ndinaganiza kuti ba Profeti achita manyazi. Apa m'pamene ndinaphunzira kuti munthu amene amadya ndi pakamwa sungamugwetse ndi sipulingi. Anandiyandikira modekha n'kundifunsa kuti natiyo inamasuka nthawi yanji, kodi si pomwe iwo ankati chigwe? Ndinavomera. Anafunsanso kuti anandituma ndani kulozetsa chitsulocho kunyumba ya amai Zulu. Ndinati palibe.

"Mwamvela?" anatero akutembenukira ku gulu. "Palibe muntu anamutuma."

M'manja munawombedwa. Anapitiriza kuti ngati Mulungu analankhulitsapo bulu, angalephere bwanji kugwiritsa ntchito bambo ngati uyu? Gulu linati ameni, ndipo ameni wa mkazi wanga anamveka pamwamba pa onse. Anandigwaditsa pakati pa tenti, kundithira mafuta pamutu (pamwamba pa girizi), n'kunditcha chida cha Ambuye. Pomwepo amai Zulu anaimirira kuchitira umboni kuti chigwereni chinthucho bondo lasiya kuwawa. Panalibe wotsutsa, chifukwa ambiri anawaona akudumpha benchi pothawa.

Zitatha izi ndinapempha mwaulemu kuti andibwezere sipulingi yanga, poti mawa lake ndinali ndi ulendo wa kusiteshoni. Ba Profeti anapukusa mutu. Anati chitsulocho chayamwa mavuto onse a nyumba ya amai Zulu, ndipo kuchibwezera m'galimoto kuli ngati kunyamula mavutowo kupita nawo kubanja langa. Ndinayang'ana amake Taonga kuti andithandize. Iwo anangoti, "Isiyeni," n'kunditsogolera kunyumba ngati mwana wogwidwa akuba mango.

Lamulungu apongozi ndinakawatenga pa minibasi. Tinapanikizana kumpando wakumbuyo, thumba la ufa lili pamiyendo panga, ndipo titatsika anati sanayendepo bwino chotere mu Lusaka. Pofika pakhomo anapeza galimoto itakhala pa njerwa, tayala lili poteropo. Analowa kukhitchini ndi mwana wawo, ndipo posakhalitsa ndinamva akuseka mpaka kutsokomola. Kusekako kunatha mwadzidzidzi nkhani itafika pa chitenje. Ndi pamene ndinadziwa kuti chitenje cha nkhanga chija anagula ndi iwowo, mphatso ya mwana wawo pamene Taonga anabadwa. Masiku onse amene anakhala nafe ankandipatsa moni kudzera mwa mdzukulu wawo.

Lolemba ndinaitana ba Saidi. Anayang'ana shoko, kusuzumira kunsi kwa galimoto, n'kufunsa kuti sipulingi ili kuti. Ndinati ili kutchalitchi. Iwo ndi Msilamu, ndiye anangogwedeza mutu, mwina poganiza kuti ndi mwambo wathu umene sakuudziwa. Anakapeza sipulingi ina yakale ya galimoto ina, yofupikirapo pang'ono, moti kagalimoto kanga tsopano sikadumphanso, koma kamayenda kopendekera kumanzere ngati kakufuna kunong'oneza oyenda pansi.

Sipulingi yanga yeniyeni ikuyenda kuposa mmene inkayendera ili m'galimoto. Ba Profeti amainyamula m'bokosi lokutidwa ndi nsalu yoyera, ndipo ndamva kuti yafika kale ku Kabwata, ku Avondale ndi ku Lilayi. Tsiku lina pa minibasi mayi wina anandifotokozera nkhani yake yonse: akuti inachokera kumanda, ikufuka utsi, ndipo inalankhula isanagwe. Za galimoto munalibemo. Ndinamufunsa ngati munali bambo wina wa kabudula m'nkhaniyo, anati ayi, amenewo sanawamvepo. Ndinamuthokoza kuchokera pansi pa mtima.

Mwina mukuganiza kuti ndinatengapo phunziro. Inenso ndinkaganiza choncho. Koma masiku ano kumbuyo kwa galimoto kwayamba kugogoda tikakwera hampu, ndipo ndapeza kanema wina, amene ndamuonera pafupifupi mpaka kumapeto. Amake Taonga atandiona ndikupukuta jeki, anasonkhanitsa zitenje zawo zonse n'kuzitsekera m'sutikesi, kiyi amayenda nayo m'chikwama. Ine sindikudandaula kwenikweni. Ndafufuza kale: mapemphero a kwa amai Zulu anawasamutsira Lachitatu, ndiye Loweruka likubwerali kuseri kwa mpanda kudzakhala kopanda anthu.