Pakamwa Panga ku Kachisi wa Ahindu

Lolemba
A Dipak, eni sitolo, aima pakhonde pomwe ndimasokera. Loweruka kuli mapemphero okumbukira malemu amayi awo, mayi Kanta, ku kachisi wa Ahindu. Akuti ndisasowe. Ndine ndinkawasambitsa mayiwo matenda atakula, ndiye ndingakane bwanji?
Vuto ndi pakamwa panga. "Yesu wanga" amangotuluka, ndikayetsemula, ndikapunthwa, ngakhale pokhala pansi. M'nyumba yopemphereramo eni ake sizingatheke, ndingawachititse manyazi. Kuyambira lero ndikudziletsa.

Lachiwiri
Nzeru yanga: mawuwo akamabwera, ndizinena "ayi ndithu".
Zandigwetsa lero:
singano yothyoka,
wanjinga amene wangotsala pang'ono kundiomba pamsika,
mtengo wa mafuta ophikira.
"Ayi ndithu" amafika mochedwa, zonse zitatha kale.

Lachitatu
Achemwali abwera kuchokera ku Kasenengwa ndi thumba la nsawawa. Ndawafotokozera. Akuti, "Iwe unayamba kutchula dzinalo usanamere mano. Ingodwala Loweruka."
Sindidwala.

Lachinayi
Mmawa wonse osaphonya. Masana ndikufuna ulusi m'chikwama, ndapeza bulauzi ya mayi Kanta, dzanja limodzi losasoka. Ankati palibe changu.
Dzina lija latuluka lonse, mokweza. Ili sindikuliwerengera.

Lachisanu
Akazi a a Dipak andilangiza: nsapato zitsale pakhomo, ndikhale mbali ya amayi, chilichonse ndilandire ndi dzanja lamanja.
Zodziletsa zakanika. Mawa sindiyankhula n'komwe. Moni ndi mutu basi.

Loweruka
Pansi pozizira. Lubani ngati wa kwathu ku Misa yaikulu. Chithunzi cha mayi Kanta achiveka maluwa, akuoneka onenepa monga ndinawapezera kale. Anthu akuimba, sindikumva liwu ndi limodzi lomwe. Belu lalira, bondo lafuna kugwada, ndaligwira. Mlomo ndatseka ndithu.
Pomaliza anthu aima pamzere, nane ndaima. Wansembe wawo akuika kachakudya kotsekemera m'dzanja la aliyense. Ndatambasula dzanja, waika.
"Amen."
Ndine ameneyo. Momveka bwino, ngati ndili kutsogolo kwa guwa. Sabata yonse ndimalondera liwu lina.
Wansembe wandiyang'ana. Kumbuyo wina watsokomola. Ndatuluka, nsapato sindikuziona chifukwa cha misozi.
A Dipak andipeza panja. Ndayamba kupepesa, andidula. "Amayi, lekani. Masiku omaliza aja, tikamawatembenuza pabedi, amayi ankati 'Yesu wanga'. Azakhali anga anadabwa kwambiri. Ife tinkadziwa kumene anawatenga mawuwo."
Aseka pang'ono, kenaka alira. Taima pamenepo pakati pa nsapato za anthu.

Lamlungu
Misa isanayambe ndalowa kokalapa. Ndati ndinanena Amen m'kachisi wa Ahindu. Abambo andifunsa:
"Munkapempherera ndani?"
"Mayi wina amene anamwalira."
"Nanga tchimolo lili pati? Pitani, kumbuyo kwanu kuli anthu."
Podzuka bondo lalira, ndipo dzina lija latulukanso, abambo akumva.
Basi, ndasiya. Pakamwa pano ndidzapita napo kumanda momwemu.