Mmene Intaneti Yatsopano Inandiphera

Nkhani iyi abale anga amaikamba pa maliro alionse a kwathu, ndiye bola muimve kwa ine mwini wake wa manyaziwo.

Ndinali kalaliki pa ofesi ya kopaletivu ya alimi pafupi ndi Chinyunyu. Intaneti yathu inali ija ya pa waya wa foni. Ukafuna kutumiza imelo unkazula waya ku foni n'kulumikiza ku kompyuta, iyo n'kumalira ngati mphaka wopondedwa. Ukamaliza, waya unkaubweza.

Kenako ofesi inasintha kampani. Anabwera anyamata a ku Lusaka, n'kuika kachipangizo kotchedwa rauta, ka timagetsi tobiriwira. Anati intaneti iyi siifuna foni, ndipo adiresi yanga yakale ya imelo itsekedwa. Ndinagwedeza mutu ngati ndamva.

M'mawa mwake dzanja langa linazula waya ku foni monga mwa masiku onse. Popeza intanetiyo siinkazima, wayawo sindinaubweze. Masabata atatu. Ndinkangoyamikira kuti alimi asiya kuvutitsa pa foni.

Mlongo wanga Esnart, amene amakhala ku Joni, ananditumizira imelo pa adiresi yakale. Inabwerera ndi mawu akuti: "User does not exist." Anaimba foni ya ku ofesi, osayankhidwa. Foni yanga ya m'manja inkagwira netiweki pa chulu pokha, ndipo mvula ya mwezi umenewo siinkandilola kukwerapo.

Esnart anaimbira bamalume ku Lusaka akulira. "Kompyuta ikuti Boniface kulibe." Bamalume anatuma uthenga pa minibasi. Pofika ku Shikabeta kwa amayi, uthengawo unali utakula: ndagundidwa ndi lole, ndipo thupi lili ku ofesi.

Lachinayi masana ndikudya chimanga chootcha pa desiki, ndinamva nyimbo ya maliro panja. Ndinatuluka, chipewa m'manja, kuti ndipereke ulemu. Galimoto ya kanta inali itaima pakhomo, azimayi atadzaza, pakati pawo bokosi latsopano.

"Pepani," ndinauza mayi amene anayamba kutsika. "Watisiya ndani?"

Mayiyo anandiyang'ana, n'kukomoka.

Ena analumphira mbali ina ya galimoto. Bamalume anabwera pang'onopang'ono, n'kundigwira khutu.

"Iwe, ndiwe?"

"Ndine, bamalume."

"Nanga foni osayankha bwanji?"

Ndinawalowetsa mu ofesi kuti aone kuti foniyo yangokhala chete yokha. Iwo anawerama, n'kutola waya pansi pa tebulo. Anaulowetsa. Nthawi yomweyo foni inalira. Anali Esnart, ali pa boda ya Chirundu, akufunsa ngati tingadikire kuti adzaone nkhope.

Amayi anatsika pomalizira. Anali atayenda pa njinga, kenako pa kanta, osadya masiku awiri, maso atatupa. Kumudzi manda anali atakumbidwa kale, mbuzi yawo imodzi yokhayo itaphedwa. Ndinagwada m'matope.

"Amayi, ndikhululukireni. Ndi intaneti."

Anandisisita kumaso ndi manja onse awiri, nthawi yaitali ndithu, ngati akufufuza pamene lole inagunda. Kenako anamanganso chitenje chawo.

"Mwana wanga, ndakulira masiku awiri athunthu, mpaka mawu atha. Tsiku ukadzafa zoona, masiku amenewa ndidzachotsera."

Mukasintha intaneti, yambani mwadziwitsa abale kuti inu simunasinthe dziko.